Ako ka bodysuit kanacokela ku ballet

Ba sista, ka bodysuit kamene mwasungila Khisimasi kali na mbili yake. Mu December 1977, anthu ku America anatamba pa TV Mikhail Baryshnikov na Gelsey Kirkland akuvina The Nutcracker, ballet ya pa Khisimasi. Mwezi womwewo filimu ya Saturday Night Fever inatuluka. Masiku amenewo atsikana anali kuvala leotard, covala cothina ca ovina ballet, pamwamba siketi yomanga monga citenge, basi ulendo ku disco. Nsalu ya Lycra imatambasuka, olo uponye mwendo bwanji siing'ambika. Manje tamvelani: ovina ballet amayeseza tsiku lonse. Imwe mukatsiliza nkhuku na mpunga pa 25, ka bodysuit sikazabisa kanthu.