Chilengedwe ndi Chilungamo Sizisiyana: Kalata ya Abusa kwa Akhristu a Dera la Mvera

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mafumu athu, ndi onse akufuna kwabwino,

Ife abusa anu takulemberani pa nkhani ya kusintha kwa nyengo, ndipo mfundo yathu ndi imodzi: kuteteza chilengedwe ndi kuchitira chilungamo anthu osauka ndi ntchito imodzi, yosagawika pawiri. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana kuchigawo cha kummwera, ndipo ambiri mwa iwo anali okhala m'nyumba zofooka m'mphepete mwa mapiri, monga ku Chilobwe mu Blantyre, chifukwa malo abwino sakanawakwanitsa. Patangotha chaka, ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Mvula ikadula, wolandira malipiro amadandaula za mtengo wa ufa, koma mlimi wa kamunda kamodzi amagulitsa mbuzi, nkusiya munda wake kukagwira ganyu kwa ena, kenaka nkugwa m'katapila. Tisati za Freddy nzakummwera, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zigwembe zimene zikudya minda yathu yotsetsereka zikutichenjeza kale.

Kupanda chilungamo kumeneku kumayambira kutali. Africa yense amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wosafika magawo 4 pa 100 alionse, koma ndiye akulipira mtengo wa mafakitale ndi magalimoto a ena. Mu 2009 ku Copenhagen mayiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, ndipo chaka chimenecho chinakwana lonjezo lisanakwaniritsidwe. Mu 2022 ku Sharm el-Sheikh anavomera kukhazikitsa thumba lolipira zimene mayiko osauka ataya ndi kuwonongekeredwa. Ndalama zotere si mphatso ayi, ndi ngongole, ndipo achinyamata athu amene amaikumbutsa mokweza sakuchita mwano. Komabe amene akuitanitsa ngongole azisamba m'manja: ndalama kapena chimanga cha ovutika chikathera m'misonkhano ya m'mahotela ndi m'matumba a ochenjera, wosauka waberedwa kawiri.

Tisaloze chala kunja kokha, chifukwa msewu wa Salima kupita ku Lilongwe ukutitsutsa. Tambala asanalire, bambo amakhala akukankha njinga pachitunda, matumba atatu a makala atamangidwa ndi mphira, mabuleki atatha, kumimba kuli pululu. Makalawo saphikira iye. Akupita m'makhitchini a mutauni. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi anathimathima kwa nthawi yaitali, ndipo mabanja ambiri a m'mizinda anadalira mbaula, mitengo ya kumudzi ndiyo inalipira. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo sititsutsa zimenezo. Koma ngati wanjinga alandidwa katundu pomwe lole yodzaza makala idutsa chifukwa cha ziphuphu, lamulolo lasanduka chikwapu cha osauka okha. Nayenso fodya amadya mitengo ya zigafa ndi nkhuni zowotchera, ndipo ogula fodyayo ali ndi udindo wobwezeretsa zimene malonda awo amatha. Nkhalango ikatha, woyamba kuzunzika ndi mayi amene amayenda mtunda kukatola nkhuni, ndi mtsikana amene amachedwa kusukulu podikira madzi pachitsime chouma.

Ena akuti mvula ndi ya Mulungu, ife tingopemphera. Tipemphere ndithu, koma buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo kupempha mvula nkhwangwa ili paphewa ndi kuyesa Mulungu. Ena akuti mpingo usalowe ndale. Sitikulozerani chipani chilichonse. Koma amishoni Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok atafika kuno ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, mu 1889, uthenga unayenda limodzi ndi sukulu ndi mankhwala, ndipo mu Marichi 1992 maepiskopi a Katolika analemba kalata imene inatsegula pakamwa pa mtundu wonse. Mneneri Amosi sanakhale chete osauka akuponderezedwa pamsika ndi pabwalo la milandu. Funso lolemera koposa ndi la amene akuti mwana akulira njala lero, mtengo udzathandiza pakatha zaka khumi. Amenewa akunena zoona, ndipo nchifukwa chake tikukana chitetezo cha nkhalango chongoletsa osapereka njira ina. Wowotcha makala sasiya chifukwa cha ulaliki kapena chindapusa. Amasiya akapeza pena podyera, kaya ndi ulimi wa m'dimba, njuchi, kapena mtengo wabwino wa soya ndi mtedza wake.

Choncho tikupempha boma kuti lamulo ligwire wamkulu ndi wamng'ono mofanana, kuti gasi ndi magetsi zitsike mtengo mutauni, ndiponso kuti ndalama zonse zobwera m'dzina la kusintha kwa nyengo zilengezedwe poyera mpaka pa khonsolo ya boma. Mafumu athu, tetezani nkhalango za m'midzi ndi nkhalango ya phiri la Ntchisi, imene akasupe ake amamwetsa anthu ambiri, ndipo musagulitse malo a amasiye kwa andalama. Inu akhristu a mutauni ochokera kuno, dziwani kuti thumba lililonse la makala lotsika mtengo lili ndi amene walilipira. Ife a mipingo tiyambe pa malo athu: nyengo yobzala mitengo ikayamba pa 15 Disembala, tisangojambulitsa ndi mbande nkuiwala, koma tisamalire zitsa zophukira, tisunge misangu m'minda, tipange akalozera ndi kubzala vetiva, amayi a chigwirizano aphunzitsane kuumba mbaula za chitetezo. Pogawa thandizo, woyamba akhale wamasiye, wokalamba, wolumala, ndi mlendo wothawa nkhondo ngati anzathu a ku Dzaleka.

Kalatayi iwerengedwe m'mapemphero a Sabata, ndipo akulu ampingo aikambirane ndi mafumu m'midzi yawo. Chisomo cha Ambuye wathu Yesu Khristu chikhale ndi inu nonse.

Ife abusa anu a mipingo ya dera la Mvera.