Sitima isasiyidwe m'manja mwa munthu mmodzi

Sitima ya malasha ikamadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde, kuchokera ku Moatize kulowera ku Nacala, ambiri amaganiza kuti amene ali mu injini angokhala, poti njanji ndiyo ikuwongolera. Zoona zake n'zakuti ntchito yawo yaikulu imagwiridwa sitima isananyamuke komanso ikaima: kuyesa mabuleki, kuona ngati mabogi alumikizana bwino, kumvana pa wailesi ndi oyang'anira njanji, ndi kuimanga kuti isayende yokha. Ntchito yotereyi imafuna anthu awiri, wina kuchita, wina kutsimikiza, ndipo lamulo liyenera kunena zimenezi mosapita m'mbali.

Usiku wa pa 5 July 2013, sitima ya mabogi 72 a mafuta inasiyidwa pamalo otsetsereka ku Nantes, m'dziko la Canada. Woyendetsa anali yekha. Anamanga mabuleki a manja asanu ndi awiri okha, n'kupita kokagona. Injini itagwira moto, ozimitsa moto anaithimitsa, mpweya wa mabuleki unayamba kutha, ndipo sitimayo inatsetsereka yopanda munthu mpaka m'tauni ya Lac-Mégantic, komwe inagubuduzika n'kuphulika. Anthu 47 anafa. Mwezi womwewo boma la Canada linalamula kuti sitima yonyamula katundu woopsa iziyenda ndi anthu osachepera awiri.

Otsutsa anganene kuti ofufuza ngoziyo anapeza zifukwa 18, ndipo sanatsimikize kuti kukhala yekha kwa woyendetsa ndiko kunaichititsa. N'zoona. Koma zifukwa zambiri chonchi zikusonyeza kuti ngozi imadutsa m'mipata yambiri isanafike, ndipo mnzake wofunsa kuti mabuleki agwiradi kapena ayi akanatseka umodzi mwa mipatayo. Mutu umodzi susenza denga. Enanso amati makina amakono amaimitsa sitima woyendetsa akaodzera, choncho wachiwiriyo n'kungotaya malipiro. Makinawo ngabwino, koma satsika kukaona bogi lomwe latentha, sathamanga kukachenjeza anthu podutsira njanji, ndipo sangauze munthu wotopa kuti lero usayendetse. Nanga malipiro a munthu mmodzi n'chiyani poyerekeza ndi mtengo wa bogi limodzi la mafuta?

Njanji yathu imanyamulanso mafuta a galimoto ndipo imadutsa pakati pa misika ndi midzi. Aphungu a Nyumba ya Malamulo akhazikitse lamulo la anthu awiri pa sitima iliyonse ya katundu, lowapatsanso mphamvu yokana kunyamuka ngati mabuleki akukayikitsa, popanda kuopa kuchotsedwa ntchito.