AMAYI, LEKANI KUBISA MWANA CHIFUKWA CHA KHUNGU LAKE

Lero ndilankhula mosapsatira, ndipo mwina ena mukhumudwa. Nkhani yake ndi ya ana athu achisodzera amene ali ndi matenda a pakhungu otchedwa psoriasis, amene timawatchula kuti sorayasisi. Chimene ndikunena ndi ichi: m'makomo ambiri, zimene ife akuluakulu timachita ndi kulankhula zikumupweteka mwana kuposa matendawo.

Ana amenewa mumawadziwa. Mtsikana wa Folomu 2 wovala juzi ya manja aatali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo ku Chitimba kapena ku Mlowe. Mnyamata amene anasiya mpira chifukwa kabudula amaonetsa mawondo. Mwana wa kusukulu yogonera konko amene amadikira anzake onse agone kuti akasambe. Manyazi amenewa sanabadwe nawo. Alipo amene anawaphunzitsa, ndipo nthawi zambiri phunziro loyamba analilandira pakhomo pawo pomwe.

KODI PSORIASIS NDI CHIYANI?

Khungu la munthu limadzikonzanso lokha. Lakale limayoyoka pang'onopang'ono osaoneka, latsopano n'kumabwera, ndipo ntchito yonseyi imatenga pafupifupi mwezi umodzi. Mwa munthu wa psoriasis, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kufulumizitsa ntchitoyi. Khungu latsopano limapangidwa m'masiku ochepa chabe, lakale lisanachoke, ndiye limaunjikana. N'chifukwa chake mumaona zigamba zokhuthala, zokhala ndi mamba otuwa ngati phulusa. Pakhungu lathu lakudali zigambazi zimaoneka zoderapo kapena zotuwa, osati zofiira ngati zimene mumaona pa zithunzi za azungu pa intaneti.

Zimakonda m'zigongono, m'mawondo, m'mutu ndi kumunsi kwa msana. Ena zikhadabo zimachita timaenje. Zimayabwa, nthawi zina zimang'ambika n'kutuluka magazi. Zimabwera n'kupita: miyezi ina khungu lili bwinobwino, kenako zabukanso. Kuzizira ndi kuuma kwa mphepo mu Juni ndi Julayi kumaziwonjezera, ndipo a ku Livingstonia, ku Hewe ndi m'mphepete mwa Nyika mukudziwa mmene khungu limaumira nyengo imeneyo. Zilonda zapakhosi, nkhawa, fodya ndi mowa nazo zimadzutsa matendawa. Mwa ana ambiri amayamba ngati timadontho tambirimbiri thupi lonse patatha sabata ziwiri kapena zitatu mwana atadwala zilonda zapakhosi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2016 kuti anthu osachepera 100 miliyoni ali ndi matendawa. Mu 2014 mayiko a m'bungweli anagwirizana kuti psoriasis ndi matenda okhalitsa, osapatsirana, ndipo anadandaula ndi kusalidwa kwa odwala. Chaka chilichonse pa 29 Okutobala dziko limakumbukira matendawa. Mwana wanu sali yekha, ndipo banja lanu silinatembereredwe.

BESENI LAKELAKE, MBALE YAKEYAKE

Tiyambe ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Psoriasis SAPATSIRANA. Simungamutenge pogwirana chanza, pogona mphasa imodzi, pofunda bulangete limodzi, posamba m'beseni limodzi kapena podyera nsima m'mbale imodzi. Mulibe kachilombo kodumphira kwa wina. Ndiye mukamupatsa mwana beseni lakelake, chikho chakechake, n'kumuuza kuti asanyamule khanda la mlongo wake, mukuteteza ndani? Palibe amene mwamuteteza. Mwangomuuza mwanayo, tsiku ndi tsiku, kuti ndi wonyansa.

Ena mumati ndi mphere kapena chipere. Mphere zimayabwa kwambiri usiku, zimakonda pakati pa zala, ndipo posakhalitsa nyumba yonse imayamba kukanda. Chipere chimapanga bwalo, chimathothola tsitsi, ndipo chimatha ndi mankhwala ake. Tsono dzifunseni: mwana wakhala ndi zigamba zaka ziwiri, akugona ndi abale ake, palibe ndi mmodzi yemwe watenga. Umboni wina mukufuna wotani?

Ena mumanong'ona kuti ndi khate. Chigamba cha khate chimachita dzanzi: mukachikhudza ndi thonje munthu samva. Chigamba cha psoriasis chimamva, chimayabwa, chimayoyoka mamba. Ndipo ngakhale likanakhala khate, limachizika, mankhwala ake ndi aulere kuchipatala, munthu amamwa miyezi 6 kapena 12. Palibe matenda a pakhungu amene mankhwala ake ndi kutsekera mwana m'nyumba.

Palinso miseche yakuti "ameneyu ali ndi kachilombo." Zoona zake n'zakuti psoriasis amatha kukula kwambiri mwa munthu amene ali ndi HIV, n'chifukwa chake kuchipatala tingakupempheni kuyezetsa magazi. Koma anthu ochuluka a psoriasis alibe HIV. Kuyeza kumachitika ndi magazi, osati ndi maso a anthu a pachitsime.

MWALA NDI LUMO

Pano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene chikondi chimasanduka chiphe. Khungu la munthu wa psoriasis likavulala, pamalo povulalapo pamatha kumera chigamba chatsopano pakatha sabata ziwiri kapena zitatu. Zimenezi anazifotokoza kalekale m'zaka za m'ma 1870 dokotala wa ku Germany, Heinrich Köbner, ndipo mpaka lero timaziona ndi maso.

Ndiye taganizani. Mayi akuti mwanayu ndi wauve, sasamba mokwanira. Akutenga mwala kapena chinkhupule cholimba, akumukhula mpaka magazi, akuthira sopo wochapira zovala. Mamba achokadi tsiku limenelo. Pakatha masabata awiri zigamba zakula ndipo zafalikira. Mayi akuti, "Mwaona, uve wake." Akukhulanso. Amene akukulitsa matendawo ndi mwala uja.

Chimodzimodzi mphini. Agogo akuti mwana walodzedwa ndi ansanje chifukwa amakhoza kusukulu. Akupita naye kukatemera. Lumo likudula pamsana, pachifuwa, m'mikono. Posakhalitsa mphini iliyonse yasanduka kamzere ka mamba, ndipo anthu akuti, "Ufiti wake ndi wamphamvu, ukutsata mankhwala." Si ufiti umenewo. Ndi khungu loyankha bala, monga mmene madokotala amadziwira. Pamwamba pa izo mwawonjezera chiopsezo cha mafinya ndi matenda oyenda m'magazi ngati lumolo latemeranso ena. Nkhuku yapita, ndalama za fodya zapita, mwadana ndi m'bale wanu amene mwamuloza chala, mwana ali chimodzimodzi kapena kuposa.

Ndipo inu apongozi, lekani mawu akuti "izi zachokera kwa amake, kwathu kulibe." Matendawa amayendadi m'magazi a banja, koma angachokere kuchimuna kapena kuchikazi, ndipo ana ambiri amene ali nawo alibe wachibale wodziwika amene anadwalapo. Mukamazenga mlandu mayi, mwana ali pomwepo akumva kuti iye ndi katundu wowonongeka amene banja lina linatumiza.

MAFUTA A PAMSIKA

Tsiku la msika ku Bolero kapena pa boma simulephera kupeza timachubu ta mafuta "ochotsa zonse za pakhungu." Ambiri mwa mafuta amenewa muli mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Werengani pa chubupo muone. Mankhwalawa nafenso timawagwiritsa ntchito kuchipatala, koma ndi muyezo: pamalo pake, kwa masabata owerengeka, kenako n'kuchepetsa pang'onopang'ono. Mukadzola tsiku ndi tsiku miyezi yambiri, khungu limapyapyala, limachita mizere ngati ya mimba, nkhope imatuluka ziphuphu n'kuyera mwamawangamawanga. Mukasiya mwadzidzidzi, zigamba zimabwerera ndi ukali.

Choopsa kwambiri ndi mapiritsi a prednisolone ogula popanda dokotala. Khungu limayera msanga, aliyense n'kusangalala. Mapiritsi akatha, matendawa amatha kubuka thupi lonse, khungu kusupuka kapena kutuluka timatuza ta mafinya, mwana n'kugonekedwa m'chipatala. Wogulitsa uja simudzamuona ku wodi.

Aliyense wokuuzani kuti ali ndi mankhwala othetseratu psoriasis, kaya ndi wa pamsika, wa pa WhatsApp kapena wa zitsamba, akukunamizani. Mankhwala othetseratu sanapezeke kulikonse padziko. Chimene chilipo, ndipo chimagwira ntchito, ndi kuwagonjetsa kuti khungu likhale bwino nthawi yaitali.

"KOMA ANAMWINO, TIKUMUTETEZA KWA ANTHU"

Ndikudziwa kuti ambiri mumabisa mwana chifukwa chomukonda. Mukuopa kuti amuseka, mukuopa kuti sadzakwatiwa. Mantha amenewa ndi omveka, anthu ali ndi pakamwa. Koma onani mtengo wake. Mwamuletsa kwaya, mwamusiya pakhomo tsiku la ukwati, mwalola kuti ajombe kusukulu zigamba zikabuka. Teremu imodzi, ziwiri, kenako JCE yamudutsa. Nkhawa imadzutsa psoriasis, psoriasis n'kuwonjezera nkhawa, gudumu n'kumazungulira. Juzi ija nayo imatchinga dzuwa limene likanathandiza khungu lake. Ndipo zimadziwika kuti achinyamata a matendawa amagwa m'matenda a nkhawa ndi kukhumudwa kawirikawiri kuposa anzawo.

Za ukwatizo, psoriasis saletsa kubereka, sapatsira mwamuna kapena mkazi, saletsa kulima, kuphunzitsa kapena kukhala namwino. Chimene chingamutsekere mwana tsogolo ndi kusiya sukulu ndi kukula akudziona ngati wosafunika. Anthu akunja adzalankhula ndithu. Koma mwana amene kwawo amamukumbatira, amadya naye limodzi, amamuyankhira pagulu, mawu akunja samugwetsa msanga.

CHOCHITA NDI ICHI

Pitani naye kuchipatala akamuone. Yambani pafupi: Bolero, Katowo, Mhuju, chipatala cha David Gordon ku Livingstonia, kapena chachikulu cha boma la Rumphi. Zikavuta, pemphani kalata yopita ku Mzuzu Central. Tengani kabuku ka kuchipatala ndi timachubu tonse timene wakhala akudzola, musabise.

Asambe ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wosaluma, ndi manja okha. Akangotuluka m'bafa khungu lisanaume, adzole Vaseline wambiri, kawiri pa tsiku, makamaka nyengo yozizira. Mamba asamatupulidwe ndi zikhadabo. Afewetsedwe ndi mafuta, adzachoka okha. Zikhadabo zikhale zazifupi. Awothere dzuwa la m'mawa mphindi zochepa tsiku lililonse, osafika popsa.

Mankhwala odzola monga salicylic acid, coal tar kapena steroid amene dokotala walemba, atsatidwe mmene wanenera. Amatenga masabata kuti aonetse ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zigamba zikapola pamatsala mawanga akuda kapena oyera, amene amazimiririka pakapita miyezi. Musawathire mafuta oyeretsa khungu. Akadwala zilonda zapakhosi, apite kuchipatala msanga.

Thamangani naye tsiku lomwelo ngati khungu lasupuka kapena latupa pafupifupi thupi lonse, ngati patuluka timatuza ta mafinya ndi kutentha thupi, kapena ngati akunena zofuna kudzipha. Mawu amenewo si chibwana. Ngati zala, mawondo kapena msana zikutupa ndi kuuma m'mawa, nenaninso kuchipatala, chifukwa mwa ena matendawa amagwira molumikizana mafupa.

Pitani kusukulu mukalankhule ndi aphunzitsi aakulu ndi amayi a mother group. Auzeni dzina la matendawa ndi kuti sapatsirana. Aphunzitsi, mwana wotere asakhale pa desiki yayekha, ndipo musamubweze kuti "ukabwere ukachira." Dzina lachipongwe mukalimva m'kalasi, lithetseni pomwepo. Abusa ndi akulu ampingo, m'pemphererani ndithu, koma musamuimike kutsogolo ngati wogwidwa ndi ziwanda.

Ndipo muphunzitseni yankho lalifupi loti azinena mutu uli m'mwamba: "Ndi psoriasis, sapatsirana, ndili pa mankhwala." Muyeserere naye pakhomo mpaka lizolowereke. Inunso mayi, mnzanu akafunsa pachigayo, yankhani chimodzimodzi mwana akumva.

Iwe mwanawe, ngati ukuwerenga izi pa foni ya amayi: sunalakwe chilichonse, ndipo si chifukwa cha uve. Padzakhala miyezi yovuta ndi miyezi yabwino. Juzi ukafuna vala, ukafuna vula, koma sukulu usasiye. Zikakulemera mumtima, uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira kapena ubwere kuchipatala tidzacheze.

Amayi, madzulo ano tengani botolo la Vaseline, muitane mwana uja, mumudzoze ndi manja anu pamaso pa abale ake. Beseni lija libwerere pamodzi ndi enawo. Werengeraninso uthengawu agogo ndi azakhali amene alibe foni, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe.