Makobiri Akale Ndi Mboni ya Mbiri Yathu

M'midzi yambiri ya ku Balaka ndi Machinga muli agogo amene akusungabe timakobiri takale m'kachitini kapena pa mfundo ya nsalu. Adzukulu ena amatiyesa zinyalala. Ena akangomva mphekesera yoti muli golide, amathamangira kukatigulitsa kwa anthu oyendayenda pa mtengo wogulira mchere. Onsewa akulakwira mtundu wathu.

Taonani mmene akatswiri amachitira ndi ndalama yagolide ya mafumu a ku Roma, yotchedwa aureus, imene inkasinthidwa ndi madinari asiliva 25. Katswiri akaigwira safulumira kufunsa mtengo. Amayamba wawerenga dzina lozokotedwa m'mphepete, n'kuyang'ana nkhope ya mfumu, kenaka n'kuiyeza pa sikelo. Ya m'nthawi ya Augustus imalemera pafupifupi magalamu 8, koma Nero anaipeputsa m'chaka cha 64 A.D., chaka chimene moto unasakaza mzinda wa Roma. Malo amene yapezeka nawonso amayankhula: ndalama zachiroma zofukulidwa kum'mwera kwa India zimatsimikiza kuti malonda a Aroma ankafika kutaliko.

Nanga ife makobiri athu alibe nkhani? Peni yachiboo pakati ija, yokhala ndi njovu, imatikumbutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene makolo athu analimbana nacho mpaka chinatha mu 1963. Shilingi ya 1964, ya nkhope ya Kamuzu Banda mbali ina ndi chimanga mbali inayo, imanena za ufulu wodzilamulira. Mu 1971 kunabwera kwacha, ndipo shilingi imodzi inasanduka matambala 10. Makobiri oterewa ndiwo ankalandira mlimi wa thonje ndi wogwira ntchito pa njanji yodutsa pa Balaka, imene inafika ku Salima mu 1935. Ndiwonso ankakhomera msonkho umene unathamangitsira amuna ambiri ku Joni.

Wina anganene kuti mbiri siikhutitsa, ndipo wanjala sangasunge chitsulo. Njala ndi yoona, sitikana. Komatu makobiri amenewa mulibe golide; anasulidwa ndi mkuwa ndi zitsulo zina wamba. Choncho ndalama imene wogula angapereke imathera pa msika tsiku lomwelo, pamene kobiri lapita osadzabweranso. Likachoka m'manja mwa mwini wake, palibenso angadziwe amene analivutikira, kumene analitenga ndi chimene analisungira.

Inu ophunzira, ntchito ili m'manja mwanu. Musalipale kobiri ndi mchenga kuti liwale, chifukwa mufafaniza zolembedwa. Werengani chaka, jambulani mbali zonse ziwiri m'kope, ndipo funsani agogo akadali moyo kuti analipeza bwanji. Lionetseni kwa aphunzitsi a mbiri yakale, kapena kwa akatswiri a ku nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ku Chichiri mu Blantyre. Wogulitsa chinthu asanachidziwe ndiye safunsa uja anadya phula.