Lekani kulira Apayoniya, mwambo unali ku mganda

Akuluakulu ena akuti achinyamata tinalowerera chifukwa Apayoniya analandidwa mfuti n'kuthetsedwa mu 1993. Bodza limenelo! Kutsekereza amayi pachipata cha msika mpaka aonetse khadi la chipani, mwambo wake uti?

Kwathu ku Ntchisi mwambo tinauphunzira ku mganda. Kabudula woyera wositasita, lipenga la chikho, mzere wowongoka ngati wa asilikali a KAR omwe makolo anaonerako guleyu. Wochedwa ankalipa chindapusa. Tikamakapikisana ku Dowa, mudzi wonse unkasonkha ufa.

Lero mganda umakumbukiridwa pa kampeni pokha, anyamata n'kumavinira tisheti. Ife a pa yunivesite timauseka kuti ngwachimidzi. Manyazi atigwire, anzanga. Tchuthi chikubwerachi tikafunse komwe kunasungidwa ng'oma.