Kompyuta Isasanduke Khadi la Chipani

Nyimbo ya masiku ano njakuti achinyamata ophunzira ntchito zamanja pansi pa TEVETA azilembetsa maina pa kompyuta, makinawo nkumawapezera ntchito mopanda tsankho. Zokoma kumva. Koma kompyuta imasankha zimene yauzidwa. Woiuzayo ndani?

Makolo athu ankabwezedwa pachipata cha msika ndi a Youth League chifukwa chopanda khadi la chipani, ndiye musatinamize. Mu November 2023 achinyamata 221 adatumizidwa ku minda ya ku Israel, Amalawi ambiri nkumva za mgwirizanowo ndege itatsala pang'ono kunyamuka. Adasankhidwa bwanji?

Unduna wa Zantchito ukhome maina a olembetsa ndi malamulo osankhira pa ofesi ya DC iliyonse, kuti mnyamata wa ku Chitipa wopanda intaneti akadziwerengere yekha chomwe amusiyira.