Kugula Laputopu ya Masewera M'thumba Muli Mopepuka

Mukayenda m'Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 madzulo a Loweruka, simulephera kupeza anyamata ataunjikana pa khonde, maso ali pa kompyuta, akumenya mpira wa FIFA. Eni ake a masewerawa anasintha dzinali m'chaka cha 2023 nkuwatcha EA Sports FC, koma kuno kwathu akadali FIFA yemweyo. Ambiri mwa anyamatawa akulakalaka laputopu yawoyawo, ndipo ena amagwira maganyu, pamene ena amanyengerera makolo ponena kuti ndi ya sukulu. Ife aphunzitsi ndife timafunsidwa nzeru, kawirikawiri ndalama zitapita kale.

Zoti masewerawa ngabwino kapena ayi tidzakambirana tsiku lina. Lero nkhani ndi ya ndalama. Kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo popeza makina onsewa amachokera kunja, mitengo yake inakwera motsatira. Banja logula laputopu yolakwika siligulanso ina msanga.

Choyamba, awerengi, tidziwe kuti laputopu njosiyana ndi kompyuta ya pa tebulo. Ya pa tebulo ili ngati njinga ya kabaza, imene mwini wake amasintha tcheni lero, mawa tayala, mpaka njinga yonse isanduke yatsopano. Laputopu siilola zimenezo. M'makina ambiri a masiku ano purosesa, yomwe ndi ubongo wake, pamodzi ndi graphics card, yomwe imajambula zithunzi zoyenda, anaziwotcherera ku bolodi, motero palibe mmisiri wa ku Old Town amene angakusinthireni. Zimene munthu angathe kusintha ndi RAM, disiki yosungira zinthu ndi batire. Nchifukwa chake ine ndikuti ndalama zanu zochepazo zipite ku zinthu ziwiri zosasinthikazo, zinazo muzidzawonjezera pang'onopang'ono. Paja tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha.

Msampha waukulu uli pa kachizindikiro kolembedwa kuti Core i7. Ogulitsa amadziwa kuti mnyamata akangoona 7 mtima umadumpha, poganiza kuti 7 aposa 5 nthawi zonse. Komatu chinsinsi chili pa nambala yotsatira, imene imanena mbadwo wa purosesayo. Core i7-3520M ndi ya mbadwo wachitatu, ya mu 2012, ndipo ili ndi ma core awiri okha, kunena kuti antchito awiri m'kati mwake. Core i5-8250U ndi ya mbadwo wachisanu ndi chitatu, ya mu 2017, ndipo ili ndi antchito anayi. Wogula yoyambayo wagula nkhalamba yovala suti. Palinso china: kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11, mwa malamulo ake, imafuna purosesa ya Intel yoyambira mbadwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Yotsika pamenepo musaiyang'ane kawiri, ngakhale mtengo utakoma chotani.

Pa masewera, graphics card ndiyo mwini nkhani. Malaputopu ambiri a kaunjika amene amafika muno, monga HP EliteBook, Dell Latitude ndi Lenovo ThinkPad, anapangidwira ntchito za mu ofesi. Ngolimba ndithu, ndipo polemba ndi powerenga sakhumudwitsa, koma ochuluka alibe graphics card yapadera, kotero kuti masewera atsopano amayenda modukizadukiza ngati minibasi ya ku Chinsapo nyengo ya dzinja. Wofuna kusewera mosavutika ayambire pa NVIDIA GeForce GTX 1650, imene inatuluka mu 2019 ndipo ili ndi 4GB yakeyake. Musakhulupirire zomata za pamwamba, pakuti zomata zimagulidwa padera. Yatsani makinawo, tsegulani Task Manager, muwerenge nokha dzina la purosesa ndi la graphics card. Magetsi amitundumitundu a pa kiyibodi sawonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Pa RAM mpamene mungapulumutse ndalama. Yambani ndi 8GB, koma pemphani wogulitsa atsegule kumbuyo muone ngati pali malo oikapo ina, chifukwa malaputopu ena opyapyala RAM yawo nayonso njowotcherera. Podzagula yowonjezera kumbukirani kuti ya DDR3 siilowa pa malo a DDR4. Za disiki sinditaya nthawi: SSD ya 256GB iposa disiki yakale yozungulira ya 1TB pa liwiro, ndipo ikadzadza mudzagula yokulirapo, poti masewera ena amadya malo oposa 50GB.

Tsono pali zina zimene olemba a ku Ulaya saziganizira, chifukwa sakhala ku Mgona. Choyamba ndi magetsi. Tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko nkutaya mphamvu pafupifupi 130 megawati. Laputopu ya masewera njadyera: ikakhala pa batire imadzichepetsa liwiro, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri yazima. Wogula poganiza kuti azisewera magetsi akathima adzakhumudwa. Chaja yake imakhala ya mawati 120 kapena kuposa, ndipo wogulitsa akakupatsani kachaja kakang'ono ka laputopu ya mu ofesi, kanani, pakuti yeniyeni njodula. Musiyenso ndalama pang'ono zogulira chotetezera makina magetsi akabwera mwamphamvu.

Chachiwiri ndi fumbi. Fumbi la mwezi wa October ku Area 23 limalowa paliponse, ndipo likatseka mafani, makina amatentha nkuyamba kuzima okha. Laputopu ya masewera yogwiritsidwapo kale ntchito mwina yatentha chotero zaka zinayi m'manja mwa munthu amene simumudziwa. Musaigule mutangoiona ikuyaka. Khalani pansi pomwepo, musewere mphindi makumi awiri, mumve kulira kwa mafani, muone ngati zithunzi zikuyamba kudukiza. Wogulitsa wokana zimenezi ali ndi chimene akubisa.

Nanga ndalama zikapanda kufika pa GTX 1650? Pamenepo ine ndimalangiza makolo kuti agule ya mu ofesi ya Core i5 ya mbadwo wachisanu ndi chitatu, yokhala ndi SSD. Mwana alemberapo ntchito za sukulu mpaka ku koleji, ndipo masewera akale ayendabe. Polipira, wogulitsa alembe pa risiti nambala ya makinawo ndi masiku amene mungawabweze akavuta, asayine inu mukuona.